ZAKA KHUMI NDI ZITATU ZA RAUL MUST

Anzanga alembi, ife ophunzira mbiri yakale tili ndi chizoloŵezi chimodzi chimene chimandidetsa nkhaŵa. Timaloŵeza maina a mafumu amene anapambana nkhondo, koma amtengatenga amene anasenza kamba wa paulendo sitiwafunsa n'komwe. M'mbiri ya maseŵera namonso ndi chimodzimodzi: wotenga golide amalembedwa, otsalawo amasesedwa pamodzi ndi zinyalala za m'bwalo. Tsono lero ndifuna ndikambe za munthu amene anapita ku Olympics kanayi konse osabwerako ndi mendulo. Dzina lake ndi Raul Must, wa ku Estonia, woseŵera badminton.

Poyamba ndifotokoze za maseŵerawo, poti si onse amawadziŵa. Anthu amaima mbali ziŵiri za ukonde wotalika mamita 1.55, namamenyerana kampira kopangidwa ndi nthenga 16 za tsekwe kapena bakha, kolemera magalamu asanu okha. Kuyambira 1992, pamene badminton inaloŵa m'gulu la maseŵera opatsa mendulo ku Olympics, akatswiri ambiri achokera ku China, Indonesia, Malaysia ndi South Korea, ndipo ku Ulaya dziko lotchuka ndi Denmark. Estonia m'ndandanda umenewu mulibe.

Estonia ndi kadziko ka m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, ka anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, ndipo likulu lake ndi Tallinn. Anthu ake anayamba kupita ku Olympics ndi mbendera yao mu 1920, koma mu 1940 dzikolo linamezedwa ndi Soviet Union. Kuyambira 1952 kufikira 1988, mwana wa ku Estonia wofuna kukapikisana kunja ankayenera kulimbirana malo ndi anthu a dziko lalikululo, limene potha pake linali ndi anthu oposa 280 miliyoni, ndipo akapambana inkakwezedwa mbendera yofiira ya eni ake.

Raul Must anabadwira mumzinda wa Tallinn mu 1987, ulamuliro umenewu usanathe. Pa 20 August 1991, iye asanakwanitse zaka zinayi, Estonia inatenganso ufulu wake. Chaka chotsatira, ku Barcelona, mayi wina wopalasa njinga, Erika Salumäe, anapatsa dziko lake golide. Koma okweza mbendera anaikweza chozondoka, pakuti inali yachilendo m'maso mwao. Taonani mmene zinthu zinakumanirana: m'chaka chimene Estonia inabwerera ku Olympics, badminton nayonso inaloŵa, ngati kuti wina ankalambulira mnyamatayu njira.

Koma walira mvula walira matope. Ufulu unatsegula khomo, inde, koma ndalama za ulendo zinayenera kuchokera m'thumba la dziko laling'ono. Malo a ku Olympics m'maseŵera aŵa amapezeka potolera mapointi m'mipikisano ya m'maiko osiyanasiyana kwa chaka chathunthu. Ndiye kuti munthu ayenera kukwera ndege mobwerezabwereza, kulipira pogona, kugula nthenga zimene zimathyoka msanga, ndi kufunafuna anzake oyeserera nao kunja, popeza kwao ofanana naye mphamvu ndi oŵerengeka. Wa ku China amadzuka napeza mphunzitsi, dokotala ndi anzake makumimakumi akumudikira. Nanga wa ku Tallinn?

Kuti zimenezi si nkhambakamwa tikuonera kwa Kati Tolmoff, wa mumzinda wa Tartu, amene anapita ku Beijing mu 2008 pamodzi ndi Must. Mu 2009 iye analengeza kuti akusiya maseŵera chifukwa cha kusoŵa kwa ndalama. Sanavulale, sanakalambe, linauma ndi thumba. Patapita zaka anabwerera, nakafika ku Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016. Koma zaka za pakatipo, zimene woseŵera amakhala ali pachimake, ndani angam'bwezere?

Must sanaleke. Ku Beijing mu 2008 anali ndi zaka 20. Anapitanso ku London mu 2012, ku Rio de Janeiro mu 2016, ndi ku Tokyo, kumene maseŵera a 2020 anachitika mu 2021 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Apo n'kuti ali ndi zaka 33. Kuchokera ku Beijing kufika ku Tokyo ndi zaka khumi ndi zitatu. M'nyengo imeneyi golide anatengedwa ndi Lin Dan wa ku China kaŵiri, kenaka Chen Long wa ku China komweko, kenaka Viktor Axelsen wa ku Denmark. Ku Tokyo Must anagwera m'gulu limodzi ndi Chen Long yemweyo, nagonja. Ngakhale Lee Chong Wei wa ku Malaysia, chiphona chenicheni, anangothera pa siliva katatu. Ngati mkango unalephera kuoloka, tiseke bwanji gwape amene anafika pagombe kanayi?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2019, ku Minsk m'dziko la Belarus, pa mpikisano wa European Games, Must anatenga mendulo yamkuwa ali ndi zaka 31, msinkhu umene ambiri amakhala akuganiza zopachika nsapato. Golide anapita kwa Anders Antonsen wa ku Denmark, siliva kwa Brice Leverdez wa ku France, ndipo mkuwa wina kwa Misha Zilberman wa ku Israel. Mbendera ya mizere itatu, wobiriŵira ngati thambo, wakuda ndi woyera, inakwera pakati pa anzake.

Ena mwa inu munena kuti mkuwa umodzi m'zaka zonsezi ndi malipiro ochepa. Ine ndikukana. Dziko limene linafufutidwa pamapu kwa zaka makumi asanu silikhalanso dziko chifukwa cha chikalata chokha. Limakhala dziko pamene dzina lake likutchulidwa mobwerezabwereza, pabwalo ili ndi ilo, mpaka wokweza mbendera ataloŵeza mutu wake ndi miyendo yake. Ntchito imeneyi sagwira a golide okha. Amagwira ndi aja obwera chaka ndi chaka, kugonja, kukatolera ndalama, n'kubweranso. Ndipo njira ikapondedwa ena amatsatira: ku Tokyo Must sanali yekha, kunalinso mtsikana wa kwao, Kristin Kuuba, wobadwa mu 1997, ufulu utabwera kale.

Choncho pamene tikusankha anthu oti tiwalembe m'ndakatulo ndi m'nkhani zathu, tisamangoyang'ana amene waima pamwamba. Tifunsenso kuti enawo anafika bwanji pabwalopo, analipira ndani, ndipo ndi angati anatsala panjira thumba litauma.