Mbiri ya Lusaka ndi Timitsinje Take

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, m'phunziro la lero tidzakamba za mzinda wa Lusaka ndi madzi ake. Tatengani mapu a Zambia muyang'ane. Mudzaona kuti Livingstone ali m'mbali mwa Zambezi, Kitwe wayandikana ndi Kafue, ndipo Ndola ali ndi Kafubu. Koma pa Lusaka simudzapezapo mtsinje waukulu. Cifukwa ca ici anthu ena ayesa kuti nkhani yosamala mitsinje siiwakhudza anthu a m'likulu. Maganizo otere ngolakwika. Mbiri imene mudzamva lero isonyeza m'mene anthu a mu Lusaka anadziwira, pang'onopang'ono ndiponso pambuyo pa matenda ndi maliro ambiri, kuti cinthu cimene munthu ataya pabwalo cimabwerera m'madzi amene amwa.

Malo amene mzinda unamangidwapo

Lusaka ali pamalo okwera, ndipo mvula ikagwa madzi ake amagawikana. Ena atsikira m'kamtsinje ka Chunga, nalowa mu Mwembeshi, amene athira mu Kafue. Ena atsata kamtsinje ka Ngwerere, ca kumpoto kwa mzinda, ndipo kum'mawa kuli Chalimbana. Timitsinje tiwiriti tithira mu Chongwe, Chongwe nathira mu Zambezi. Tero mzinda umene ulibe mtsinje waukulu ndiwo uli kumutu kwa timitsinje todyetsa mitsinje iwiri ikuluikulu ya dziko lathu.

Palinso madzi ena amene maso saona. Pansi pa gawo lalikulu la mzinda, makamaka kumadzulo ndi kumwera, pali mwala wa njereza. Madzi amausungunula mwala umenewu pang'onopang'ono, kotero kuti uli ndi ming'alu, maenje ndi mapanga odzala madzi. Iyi ndiyo nkhokwe imene zitsime za mu Lusaka zitungamo. Kumene dothi liri lakuya, madzi amasefeka asanafike pansi, monga momwe mcenga wa kumtsinje uyeretsera madzi a m'citsime cofukula ndi manja. Koma m'malo ngati Kanyama dothi nlosaya, ndipo pena mwala uli poyera. Zonyansa zikalowa m'mng'alu zimangotsika osasefeka. Cisungeni cimeneci mumtima, pakuti mbiri yonse yotsatayi yatsamira pamenepa.

Kucokera pa siteshoni kufikira pa likulu

M'caka ca 1905 njanji yocokera ku Livingstone inafika m'dziko la Asoli ndi Alenje. Omanga njanji anaika poima sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, napacha malowo dzina lake. Amalonda ndi alimi acizungu anamanga masitolo pafupi ndi njanjiyo, pamalo a thyathyathya amene madzi anali kuimapo dzinja liri lonse. Mu 1913 kamzindako kanapatsidwa bungwe lokayendetsa.

Mu 1931 boma la atsamunda linatsimikiza zocotsa likulu ku Livingstone. Katswiri wa kamangidwe ka mizinda, Stanley Adshead, anaitanidwa kucokera ku Britain kuti alembe pulani, ndipo mu 1935 Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia. Maofesi a boma ndi nyumba za Azungu zinamangidwa pacitunda ca kum'mawa, pamene lero tipachula Ridgeway, popeza pamenepo madzi saima. Nanga anthu akuda? Boma linali kuwawerengera ngati alendo odzagwira nchito kanthawi, amene adzabwerera kumidzi kwao. Nyumba zimene linawamangira zinali zocepa. Otsala anayamba kumanga pamafamu a Azungu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, nalipira eni malo. Ndico cifukwa cake makomboni ena, monga George, John Laing ndi John Howard, ali ndi maina acizungu kufikira lero. Ambiri a makomboni amenewa anakhala pamwamba peni peni pa mwala wa ming'alu uja, popanda mipopi, popanda ngalande, popandanso galimoto yotenga zinyalala.

Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo mzinda unakula msanga. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1969 anali oposa 260,000, ndipo mu 1980 anapitirira 500,000. Banja liri lonse lofika linali kukumba maenje awiri: lina la cimbudzi, lina la citsime. Kumudzi maenje otere amatalikirana. M'komboni, mmene nyumba zathithikana, cimbudzi ca wina cimakhala kuseri kwa citsime ca mnzake, ndipo pansi pa nthaka ming'alu ya mwala imalumikiza ziwirizo.

Pofuna kuonjezera madzi, boma linamanga malo opopera ndi kuyeretsera madzi pa Iolanda, m'mbali mwa Kafue, ndipo kuyambira ca m'ma 1970 madziwo anayamba kubwera ku Lusaka m'cipaipi cacikulu, ulendo wa makilomita pafupifupi 50. Tsono tabwererani ku mapu anu. Mwembeshi, amene alandira madzi a Chunga, alowa mu Kafue kumtunda kwa Iolanda. Ndiye kuti zimene mzinda utaya kumadzulo zilowa mumtsinje womwewo umene mzinda umwa.

Anthu ayamba kugwirira pamodzi

Poyamba akuluakulu anali kuganiza zogwetsa makomboni. Koma mu 1974 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola kuti malo otere azindikiridwe ndi kukonzedwa. Ndi ngongole ya World Bank, nchito inayambika mu George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Nchito imeneyi ikumbukika cifukwa ca njira imene inayendera. Anthu anali kuitanidwa kumisonkhano kuti amve colinga cake. Atsogoleri ao anali kuyenda pansi m'komboni pamodzi ndi akatswiri, nagwirizana pamene msewu udzapita ndi pamene mpopi udzaima. M'malo ena eni nyumba anatenga mapiki ndi mafosholo nakumba okha ngalande zoikamo mapaipi. Anthu amene kale anali kuchedwa osamvera lamulo anaonetsa kuti akafunsidwa nzeru, amagwira nchito ndi mtima wonse.

Komabe mbali imodzi inatsalira, ndiyo yocotsa zinyalala. Magalimoto a khonsolo anali ocepa, ndipo miyulu inayamba kukula m'mbali mwa misewu, m'maenje a migodi yakale ndi m'ngalande. Mu 1978 kunagwa mvula yaikulu, ndipo Kanyama anamira. Nyumba zambiri za zidina zinagwa, mabanja nasowa pogona. Akale anati madzi saiwala khwawa. Anthu anali atamanga ndi kutaya zinyalala m'njira za madzi, ndipo madziwo pobwera anapeza njira zao zatsekeka.

M'zaka zomwezo ana a sukulu nawo analowa m'nkhaniyi. Mu 1972 bungwe la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulaimale, pamodzi ndi kamagazini kao. Mu 1978 pulogalamu ya Chongololo inayamba kumveka pa wailesi. Ana ambiri a m'tauni anamva koyamba m'makalabu amenewa kuti mtengo, mtsinje, nsomba ndi munthu zidalirana.

Nkhani ya Chalimbana

Kum'mawa kwa mzinda kuli nkhalango imene boma linaipatula mu 1957, yodziwika ndi nambala yake, 27. M'menemo ndimo muli akasupe a Chalimbana. Mizu ya mitengo ndi masamba ogwa zimagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono m'cilimwe. Mu 1983 citetezo ca nkhalangoyi cinacotsedwa. Mitengo inadulidwa, mcenga ndi miyala zinakumbidwa, ndipo Chalimbana anayamba kuphwa. Alimi ndi anthu a m'midzi ya kumunsi anaona ndi maso ao kumene vuto linacokera. Anasonkhana, nalemba dandaulo lao kuboma, ndipo mu 1996 nkhalangoyo inabwezedwa m'citetezo. Iyi ndi imodzi ya nthawi zimene anthu wamba anaimirira mtsinje wao napambana. Koma kuyambira mu 2017 zigawo zina za nkhalangoyo zinacotsedwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo milandu inafika kukhoti. Muone apa kuti mtsinje sautetezera kamodzi kokha. Mbadwo uli wonse uyenera kuuimirira pa wokha.

Kolera ndi pulasitiki

Kuyambira mu 1990 matenda a kolera anayamba kubwera ku Lusaka kawirikawiri, makamaka m'nyengo ya mvula. Kacirombo ka kolera kamatuluka m'cimbudzi ca wodwala, ndipo kamalowa mwa munthu wina kudzera m'madzi kapena m'cakudya. Makomboni amene anasautsidwa koposa ndi omwe aja okhala pamwala wa ming'alu. Mu George, boma la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kumanga matanki, ndipo anthu anasankha makomiti oyang'anira mipopi ndi kusonkhetsa ndalama zokonzera. M'makomboni ena munabadwa mabungwe a madzi oyendetsedwa ndi eni malo. Kumene madzi abwino anafika, anthu ambiri analeka kutunga m'zitsime zosaya.

Pa nthawi yomweyo zinyalala zinasintha mtundu. Agogo anu anali kupita kumsika ndi dengu, ndipo zotaya zao zinali makoko, masamba ndi phulusa, zimene zimaola padzala. Tsopano kunabwera matumba ndi mabotolo a pulasitiki, amene saola. Tatsatani thumba limodzi lotayidwa pamsika. Mphepo iligwetsera m'ngalande. Mvula ilikokolola kufikira pansi pa kamlatho, pamene likodwa pamodzi ndi anzake. Mcenga uunjikana kumbuyo kwake, ngalande nitsekeka. Madzi asefukira m'mabwalo, adzaza zimbudzi, natenga zonyansa kulowa nazo m'zitsime. Matumba amene apulumuka pakamlatho afika mu Ngwerere, kumene alimi athirira repu, tomato ndi kabichi, ndiwo zimene mawa lake zibwerera ku misika ya mu Lusaka.

Boma linayesa njira zosiyanasiyana. Lamulo la 1990 loteteza malo otizinga linabala bungwe la Environmental Council of Zambia, limene mu 2011 linasanduka ZEMA. Mu 2007 Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa nchito yolimbikitsa ukhondo m'dziko lonse. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi cithandizo ca boma la America, ngalande yaikulu ya Bombay, imene itenga madzi a pakati pa mzinda kunka nawo ku Ngwerere, inakulitsidwa ndi kuwakidwa ndi simenti. Koma ngalande ya simenti nayonso imatsekeka ngati anthu aiyesa dzala.

Mu Okutobala 2017 kolera anabukanso, nagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Mu Januwale 2018 masukulu anacedwa kutsegulidwa, asilikari anatumidwa kukayeretsa misika, ndipo zitsime zosaya zambiri zinakwiriridwa. Caka comweco boma linaletsa matumba a pulasitiki opyapyala kwambiri. Anthu anasesa mwakhama miyezi ingapo, koma mantha atatha miyulu inabwereranso. Kuyambira mu Okutobala 2023 kufikira m'caka ca 2024 kunagwa mliri woposa yonse yakale: anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, oposa 700 namwalira, ambiri a iwo a mu Lusaka. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana a sukulu anakhala kunyumba kufikira mu Febuluwale.

Cimene tiphunzirapo

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu Lusaka, onse odalira timitsinje tomwe tija ndi mwala womwe uja. Mukayang'ana mbiriyi mudzaona kuti zinthu zinayenda bwino pamene anthu anamvetsa cifukwa cake nagwira nchito pamodzi, monga anacitira okumba ngalande za mapaipi m'zaka za m'ma 1970, makomiti a mipopi a mu George, ndi alimi a ku Chalimbana. Ukhondo wocita cifukwa coopa asilikari kapena mliri sunakhalitse. Boma liri ndi udindo wake wobweretsa madzi abwino, zimbudzi zoyenera ndi magalimoto a zinyalala, ndipo makolo anu ali ndi ufulu wofunsa zimenezi. Koma palibe khonsolo imene ingathe kutola thumba liri lonse lotayidwa ndi anthu 2 miliyoni. Mutu umodzi susenza denga.

Inu ana a ku Chipata, Katete, Petauke ndi kwina konse, musati nkhaniyi nja ku Lusaka kokha. Tauni yanu nayo ikula, ndipo iri ndi kamtsinje kake.

Zocita pambuyo pa phunziro

1. Jambulani mapu osonyeza Lusaka, Chunga, Mwembeshi, Kafue, Ngwerere, Chalimbana, Chongwe ndi Zambezi. Ikani mivi yoloza kumene madzi apita.

2. Fotokozani cifukwa cake citsime cosaya ca ku Kanyama cimaipa msanga m'dzinja.

3. Aphunzitsi atsogolere kalasi kukaona ngalande kapena kamtsinje ka pafupi ndi sukulu. Ana asalowe m'madzi, ndipo asagwire zinyalala ndi manja. Alembe mitundu ya zinyalala zimene aona, nafunse akuluakulu kumene madziwo athera.

4. Kwa mlungu umodzi patulani zinyalala za pasukulu pawiri: zoola ndi zosaola. Zoola zikwirireni m'dzenje kuti zisanduke manyowa a m'dimba la sukulu. Zosaola ziwerengeni, ndipo mukambirane zimene mukanatha kupewa ponyamula dengu, cikwama ca nsalu kapena botolo lanu la madzi.

5. Funsani agogo kapena munthu wina wacikulire m'mene kamtsinje ka kwanu kanaliri iwo ali ana. Lembani zimene akuuzani, mudzawerengere anzanu m'kalasi.