Tsache, Chikwanje ndi Mtengo wa Pakhomo

M'mamaŵa, tambala atalira kachiŵiri, phokoso loyamba kumveka m'midzi yambiri ya dziko lino ndi la tsache. Mai kapena mtsikana, ataŵerama, dzanja lina kumsana, amasesa kuyambira pakhonde mpaka kumalire a bwalo, nasiya mizere pa dothi ngati walembapo. Ntchito imeneyi inayamba kale boma, sukulu ndi tchalitchi zisanabwere, koma popeza saikolola ndiponso saipita nayo kumsika, olemba mbiri saiŵerengera. Chikhalirecho mbiri ya mitengo ya m'Malaŵi imayambira pabwalo losesedwa lomwelo.

Makolo sankasesa chifukwa cha ukhondo wokha ai. Bwalo lopanda udzu linali ngati linga. Njoka siikonda kudutsa poyera, ndipo ikadutsa usiku, m'maŵa anthu amaona pamene yadzera. Moto wolusa wa m'chilimwe, umene kaŵirikaŵiri amayatsa ndi osaka mbeŵa, unkazimira kumalire a bwalo usanafike pa nyumba ndi nkhokwe zofolera ndi udzu. Zinyalala zinkapita kudzala, kuseri kwa nyumba, ndipo padzala lonona ndi phulusa ndi zitosi za nkhuku mpamene nthangala zotayidwa zinkamera zokha. Mitengo yambiri ya zipatso imene ili m'makomo lero sinabzalidwe ndi munthu. Inamera padzala, wina naichitira chifundo osaizula.

Kunena zoona, kalelo luso la anthu silinali pa kubzala mitengo koma pa kuisiya. Pothyola munda watsopano, mwini nkhwangwa ankadziŵa mtengo wogwetsa ndi wolambalala. Masuku ndi mlambe ankazisiya chifukwa cha zipatso, mkuyu chifukwa cha mthunzi wa pabwalo la milandu. Ku Nkhotakota, David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863 pansi pa mkuyu wotere. Alimi a ku Salima, ku Mangochi ndi m'chigwa cha Bwanje anazindikira kale khalidwe la msangu, mtengo umene umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja pamene inzake ikuphuka, kotero kuti chimanga cha pansi pake chimalandira dzuŵa ndi chonde pamodzi. Kumanda nkhwangwa siinkaloŵa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, inasungika ndi mwambo womwewo. Chimene ankabzala ndi manja ndi nkhadze, yotchingira mudzi ndi khola, yomwe utomoni wake ndi woopsa ukagwera m'maso.

Mitengo yambiri imene anthu amaiyesa yachikhalire ndi yobwera. Mango kwao ndi ku India. Papaya ndi gwafa ndi za ku America. Bulugamu ndi wa ku Australia. Malaina anachokera ku Asia. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, ntchito ya m'munda wa mitengo ndi maluŵa inali mbali ya mishoniyo. Mu 1878 Jonathan Duncan anabwera ndi mbande za khofi kuchokera ku Edinburgh, ndipo umodzi wokha mwa mitengoyo ndiwo unapulumuka. John Buchanan, amene anayamba ntchito pa mishoni yomweyo, anakakhazikika ku Zomba, kumene pambuyo pake Alexander Whyte anayang'anira munda wa boma woyeseramo mitengo ndi mbeu zachilendo. Maina a azungu aŵa analembedwa. Maina a amuna amene ankatunga madzi othirira, kukumba maenje, kutchetcha kapinga ndi kudulira mipanda ya maluŵa kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka sanalembedwe paliponse, ngakhale ena anali aimvi amene mabwana ao ankawaitanabe ngati anyamata. Komatu ndi anthu ameneŵa amene ankapita kumudzi pa tchuthi atanyamula nthangala m'thumba, ndipo ndiwo anaphunzitsa anzao kuokera mbande ndi kutengulira.

Boma la atsamunda linaona msanga kuti mitengo ikutha m'madera a anthu ambiri. Kuyambira mu 1926 mafumu analimbikitsidwa kupatula nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi nyakwaŵa, ndipo ntchito yaikulu m'menemo inali kulambula mseu wotchinga moto chaka ndi chaka. Nzeruyo inali yabwino. Chimene chinaiononga ndi nkhanza za malimidwe m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Munthu amene wagona m'ndende chifukwa cha mgula sangamvere mlangizi yemweyo akamanena za mitengo. Ufulu utafika mu 1964, nkhalango zambiri za m'midzi zinasoŵa oziyang'anira, ndipo maso a boma anali ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kumene paini anadzaza mahekitala oposa 50,000 poyembekezera fakitale ya mapepala imene siinamangidwe.

Tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse linayamba pa 21 Januwale 1976, mu ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda. Amene anali pa sukulu zaka zimenezo akukumbukira mizere ya ana, aliyense atanyamula khasu ndi mbande ya bulugamu kapena malaina. Mitengo ina imene ikupereka mthunzi pa sukulu zakale lero ndi ya masiku amenewo. Koma yambiri inafa chaka chisanathe, ndipo chifukwa chake nchosabisika. Kubzala ndi ntchito ya m'maŵa umodzi, pamaso pa alendo. Kulera mtengo ndi ntchito ya zaka zitatu, popanda woombera m'manja. Mbande imafuna kuipalira udzu usanaiphimbe. Mvula ikasiya, imafuna udzu wouma pa tsinde kuti chinyezi chisathaŵe, koma wosagundana ndi khungwa, poopa chiswe chimene chimakonda bulugamu wamng'ono. Chimanga chikakololedwa, mbuzi zimamasulidwa, ndipo mtengo wopanda kampanda ka minga kapena nsungwi sufika mwezi wa Okutobala. Wopulumuka mbuzi umakumana ndi moto. Potengulira, nthambi imadulidwa ndi chikwanje chakuthwa, kuyamba kutema pansi pake kuti ikamagwa isasende khungwa la thunthu, pakuti bala losendeka ndilo khomo la kuola. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo asanautembenuzire kwa ana mwambiwo unali malangizo enieni a ntchito.

Panalinso nkhani ya mwini mtengo. Kubzala mtengo ndi kunena kuti malo ano ndi anga. Kumadera a chikamwini, mwamuna wokhala kwao kwa mkazi ankazengereza kubzala mango amene adzadye ndi ena banja likatha, ndipo abale a mkazi nawo ankamuyang'ana ndi diso lofiira mkamwini wobzala mitengo yambiri. Motero mtengo wa pakhomo unakhala m'manja mwa amai, amene ankauthirira ndi madzi otsukira mbale.

Mu 1980 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linatsegula ntchito ya nkhuni, nilikhazikitsa manazale ogulitsa mbande pa mtengo wotsika. Alimi sanagule monga kunkayembekezeredwa. Iwo sankaona phindu lotaya malo a chimanga chifukwa cha nkhuni zimene zinkatoledwa ulere m'thengo. Amene anagula ankafuna milimo ya nyumba ndi mitengo ya zigafa za fodya. Nthaŵi yomweyo fodya wochiza ndi moto anali kumeza nkhuni zambiri, ndipo pofika mu 1992 dziko lino linali kusunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, onse ofuna kuphika ndi kumanga. Lamulo latsopano la nkhalango la mu 1997 linabwezera udindo kwa anthu a m'midzi, ndipo tsiku limodzi lija linasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Mkungudza wa m'phiri la Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo unali ndi lamulo ndi alonda outeteza. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Phiri la Ndirande, limene linali ndi paini ndi bulugamu wa boma, linametedwa m'zaka za m'ma 1990. Woimirira pamwamba pake nkuyang'ana kunsi amaona kubiriŵira kuli pakati pa malata a nyumba: mango, mapeyala, papaya ndi nthochi, uliwonse pabwalo la mwini wake, pansi pake posesedwa m'maŵa.