Nkhosa Imene Abrahamu Anaikana: Wilfred Owen ndi Ndakatulo Zotsutsa Nkhondo

Pa 11 Novembala 1918, pamene mabelu a matchalitchi a mumzinda wa Shrewsbury ku Mangalande anali kulira kulengeza kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse yatha, kunyumba ina mumzindamo kunafika telegalamu youza makolo kuti mwana wao wafa. Mwanayo anali Wilfred Owen, wa zaka 25, amene anaomberedwa pa 4 Novembala akuolotsa asilikali ake pa ngalande ya madzi ya Sambre-Oise ku France. Lero Owen amawerengedwa pakati pa alakatuli akuluakulu otsutsa nkhondo m'chinenero cha Chingerezi. Komabe mbiri yake imatipatsa funso: munthu wodana ndi nkhondo chotere anabwerera bwanji kunkhondoko, mpaka kulandira mendulo ya Military Cross kaamba ka kulimba mtima? Tikayankha funsoli tidzamva chimene ndakatulo zake zinali kukana kwenikweni.

Tiyambe ndi mau amene anali pakamwa pa anthu nkhondoyo itangoyamba mu 1914. Anyamata anali kuuzidwa kuti kufera dziko ndi nsembe yopatulika. Pa Pasaka wa 1915 mkulu wa tchalitchi cha St Paul's ku London, William Inge, anawerenga pa guwa ndakatulo ya Rupert Brooke yolemekeza imfa ya msilikali, ndipo alaliki ambiri a mbali zonse ziwiri anali kulankhula motero. Koma pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa dzuwa lisanalowe. Owen anali kuchidziwa bwino chilankhulo cha pa guwa, pakuti kuyambira 1911 mpaka 1913 anali wothandiza mbusa wa mpingo wa Anglican ku Dunsden, asanasiye maganizo olowa ubusa.

Iye anafika kumaenje a nkhondo ku France mu Januwale 1917. Patapita miyezi yowerengeka mutu wake unasokonezeka ndi kuphulika kwa mabomba, ndipo mu Juni anamtumiza ku chipatala cha Craiglockhart ku Edinburgh. Kumeneko anakumana ndi Siegfried Sassoon, msilikali ndi mlakatuli amene anali atalemba chikalata chokana kumenyanso nkhondo, ponena kuti akuluakulu anali kuitalikitsa dala. Chikalatacho chinawerengedwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi 1917, ndipo m'malo momzenga mlandu boma linamyesa wodwala. Pa 1 Ogasiti chaka chomwecho Papa Benedikto XV analembera atsogoleri a maiko omenyana, natcha nkhondoyo kuphana kopanda phindu, koma sanamvedwe. Ndi m'nyengo imeneyi, molimbikitsidwa ndi Sassoon, pamene Owen anayamba kulemba zimene maso ake anaona.

Ndakatulo yake yodziwika koposa, Dulce et Decorum Est, inatenga mutu wake kwa mlakatuli wa Chilatini, Horace, amene anatamanda imfa ya munthu wofera dziko lake. Ana a sukulu anali kuloweza mau amenewa. Owen akutionetsa asilikali otopa akubwerera kumbuyo, kenaka utsi wakupha uwagwera, mmodzi achedwa kuvala chophimba kumaso, natsamwa anzake akupenya. Pomaliza mlakatuliyo akutembenukira kwa munthu wokhala kumudzi amene amauza ana kuti imfa yotere ndi yaulemu, namuuza kuti limenelo ndi bodza. Tiyenera kuzindikira kuti wodzudzulidwa m'ndakatuloyi si Mjeremani. Polemba koyamba Owen anailunjikitsa kwa Jessie Pope, amene anali kulemba ndakatulo zokopa anyamata kuti alembetse usilikali.

Ndakatulo imene iyenera kutigwira mtima ife owerenga Malembo ndi The Parable of the Old Man and the Young. M'menemo Owen akufotokozanso nkhani ya Genesis 22. Zonse zikuyenda monga tidziwira: nkhuni, moto, mpeni, funso la Isaki, mngelo woletsa, nkhosa yokodwa m'ziyangoyango. Koma Owen akuti nkhosayo ikuimira kunyada, ndipo nkhalambayo ikukana kupha kunyada kwake, ndi kupha mwana wake. Tsono Owen sakuimba mlandu Mulungu, pakuti Mulungu analetsa ndipo anapereka njira ina. Mlandu uli pa akuluakulu amene anaona kuti nkwapafupi kutaya ana kusiyana ndi kutsitsa mtima ndi kukambirana. Woimba Benjamin Britten anamvetsa bwino zimenezi. Mu nyimbo yake ya War Requiem, imene inaimbidwa koyamba pa 30 Meyi 1962 m'tchalitchi chatsopano cha Coventry, anaika ndakatuloyi mkati mwa pemphero la zopereka la Misa ya akufa, pamalo pomwe Mpingo umakumbutsa Mulungu lonjezo lake kwa Abrahamu ndi zidzukulu zake.

Tibwerere tsopano ku funso lathu. Owen akanatha kukhala ku Mangalande, koma anabwerera ku France cha kumapeto kwa Ogasiti 1918. Polembera amai ake anafotokoza kuti anapita kukathandiza anyamatawo m'njira ziwiri: powatsogolera bwino, ndi poona masautso ao kuti adzawalankhulire. Sitiyenera kumsandutsa woyera. M'makalata ake anavomera kuti chiphunzitso cha Khristu sichigwirizana ndi kupha, komabe anapha, ndipo mendulo ija anaipata pa nkhondo ya ku Joncourt mu Okutobala 1918. Chikumbumtima chake sichinapeze mpumulo, ndipo ndakatulo ya Strange Meeting ikuonetsa zimenezi: msilikali akukumana kumalo a akufa ndi mdani amene iye mwini anamupha, ndipo wophedwayo akumlankhula popanda chidani. Kukana kwa Owen sikunali kutaya mfuti. Iye anakana kuthira madzi odala pa kuphana, nasankha kukhala mboni ya amene sakanatha kudzilankhulira.

Komabe mboni iliyonse imaona pamene yaima. Owen analira achinyamata a ku Ulaya, pamene nkhondo yomweyo inatenganso amuna zikwizikwi a ku Nyasaland, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ambiri ngati atengatenga. Mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika, John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chake osauka a kuno ayenera kufera mkangano umene si wao, nanena kuti olemera ndi akuluakulu ndiwo apite. Boma la atsamunda linatsekereza kalatayo. Funso lake ndi lomwe la Owen: amene alamula nkhondo ndani, ndipo amene aikidwa m'manda ndani?

Ndakatulo za Owen zinasindikizidwa pamodzi mu 1920, Sassoon ndi Edith Sitwell atazisonkhanitsa. Sizinaletse nkhondo ina kubuka mu 1939, ndipo palibe ndakatulo imene inaimitsapo mzinga. Ntchito yake ndi ina. Makolo athu anati nkhondo siimanga mudzi, koma nkhondo isanayambe pamakhala anthu oikometsa ndi mau. Ife amene tsiku ndi tsiku timatchula mau akuti nsembe, magazi ndi kudzipereka, tili ndi udindo woyang'anira kuti mauwo asabwerekedwe ndi ofuna kutuma ana a eni kukafa. Mlaliki akaitanidwa kudalitsa mkangano wa mtundu wake kapena wa chipani chake, ayambe wafunsa ngati nkhosa ija yaperekedwa kale.