Wosewera wa pabenchi, kuyambira 1965

Kale mpira unalibe benchi. Wosewera akathyoka mwendo, anzake ankatsala khumi n'kulimbana choncho mpaka mpira kutha. Ligi ya ku England inalola kusintha wosewera mu 1965, ndipo woyamba kulowa anali Keith Peacock wa Charlton Athletic, pa 21 August, goloboyi wawo atavulala. World Cup inadikira mpaka 1970 ku Mexico. Zosintha osewera asanu zangobwera mu 2020, nthawi ya Covid-19.

Lamulo linafika kuno ku Mwanza, koma majezi sanafike nalo. Pamene ndinali mnyamata, matimu athu akumudzi ankakhala ndi majezi 11 okha. Wolowa ankaima pamzere kudikira kuti wotuluka avule, n'kuivala jeziyo ili chinyowere ndi thukuta la mnzake. Nsapato nazonso chimodzimodzi, kaya zikuthina kaya zikukhwepa. Benchi yake inali pansi, pafupi ndi amayi ogulitsa manachesi. Munthu wakhala padzuwa mpira wonse, miyendo yachita dzanzi, kenako akumukankhira m'bwalo louma gwa kutatsala mphindi khumi. Mnofu ukakokana, kolowera ndi kwa mayi ake. Akaphonya chigoli, mudzi wonse unkakumbukira iyeyo, osati amene anaphonya zitatu chigawo choyamba. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Anyamata osintha ndalama pachipata cholowera ku Zobue tsopano amasewera Fantasy Premier League pafoni, masewero amene anayamba mu 2002. Amasankha osewera 15, anayi n'kukhala pabenchi, ndipo pa anayiwo amangotola otchipa. Ndimawauza kuti aziyamba afunsa: amene ali patsogolo pa wa pabenchiyo amavulalavulala? Kochi amamukhulupirira, kapena akusaka wina? Wa pabenchi mwayi wake uli m'manja mwa anthu ena.

Koma ukamufikira, umafika mwadzidzidzi. Ku AFCON ya ku Cameroon, Charles Thomu anapita ngati goloboyi wapadera wa Flames, timu ya Malawi, pagolo pali Ernest Kakhobwe. Pa 18 January 2022 ku Bafoussam, Flames ikukumana ndi Senegal ya Sadio Mané, pagolo panaima Thomu. Tinaonera m'kanyumba ka vidiyo, modzaza ndi madalaivala a mathiraki odikira mapepala, mitima ili m'mwamba. Mpira unatha 0-0, Thomu anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse, ndipo Malawi inadutsa ndime yamagulu koyamba m'mbiri yake.