Azimai amene anali kulila malilo ku Ireland

Kale ku Ireland, munthu akamwalila, a m'nyumba anali kuimika nkoloko pa nthawi imene wapumila komaliza. Magalasi oyang'anapo nkhope anali kuwaphimba na nsalu, ndipo windo anali kuitsegula kuti mzimu utuluke. Mtembo sanali kuusiya wokha olo pang'ono. Anansi anali kucezela usiku wonse, akusuta fodya m'makaliwo a dothi, akumwa wisiki na kuseŵela maseŵela, ena a phokoso kwambili.

Koma nchito yaikulu inali ya azimai. Mu citundu ca ci Irish, kulila kumeneku kumachedwa caoineadh. Mkazi wodziŵa, bean chaointe, anali kuimilila pafupi na mtembo, tsitsi lili lomasula, n'kuyamba kupeka mau pamenepo. Anali kuchula dzina la womwalila, makolo ake na zabwino zake, ndipo anzake anali kuvomeleza na mfuu. Nthawi zina anali kudzudzula womwalilayo cifukwa cosiya ana, kapena kutembelela amene anamupha. Ndiye mmene Eibhlín Dubh Ní Chonaill analilila mwamuna wake Art Ó Laoghaire, amene anaombeledwa mfuti mu 1773. Mau ake anthu anawasunga pakamwa zaka zambili asanalembedwe, ndipo lelo amaphunzilidwa m'masukulu.

Anthu anali kukhulupililanso za banshee, mkazi wa mizimu amene kulila kwake usiku kunali kucenjeza banja kuti imfa yafika pafupi. Onani, ngakhale mzimu wolosela imfa anaupanga kukhala mkazi wolila.

Mpingo wa Katolika sunakondwele nazo. Kuyambila m'zaka za m'ma 1600, mabishopu pa misonkhano yao anali kuletsa kulila kwa ganyu na maseŵela a pamalilo, ati n'zacikunja. Pa moŵa na ndewu, mwina anali na mfundo. Koma ine ndiona kuti panali cina: pamalilo ndiye pamene mkazi wosauka, wosaphunzila, anali kukamba mokweza anthu onse akumvetsela, wansembe ali cete.

Mwambowu unalimba zaka pafupifupi 300, maka-maka kumadzulo kwa dziko kumene ci Irish cinali kukambidwabe. Pofika m'ma 1950 unali utatsala pang'ono kutha. Mu 1951, Alan Lomax wa ku America anafika ku Donegal na makina ojambulila mau, ndipo Kitty Gallagher anamuimbila nyimbo yolila mwana wakufa. Panalibe mtembo m'nyumbamo tsiku limenelo.