Ndagi za Tchesi ndi Mbiri ya Kalembedwe Kake

Bawo likatha pansi pa mtengo, nkhomo zimabwezedwa m'maenje ndipo luso lonse limene laonetsedwa limatsalira m'mitu ya anthu amene analipo. Iwo akabalalika, masewerawo apita basi. Tchesi imasiyana ndi bawo pa mfundo imodzi yaikulu: ili ndi kalembedwe kake kodziwika dziko lonse. Chifukwa cha kalembedweka, munthu lero akhoza kukhala yekha patebulo n'kumalimbana ndi nzeru za katswiri amene anamwalira zaka zoposa 1,000 zapitazo. M'nkhani ino ndikufuna kulondola mbiri ya kalembedwe kameneka, m'mene kanakulira limodzi ndi ndagi za tchesi, komanso chifukwa chake mpaka lero pali njira ziwiri zolembera, yaifupi ndi yaitali.

Ndiyambe ndafotokoza chimene ndikuchitcha ndagi. Wopeka amajambula bolodi ya timabokosi 64, amaikapo zidole zingapo zoyera ndi zakuda, kenaka amalemba pansi pake kuti oyera ayambe ndipo apanikize mfumu ya akuda posuntha kawiri, katatu kapena kasanu. Kupanikiza kumene ndikunenaku ndi kuja osewera amati checkmate: mfumu yaopsezedwa, ilibe kothawira, ndipo palibe woitchinjiriza. Ndagi yabwino imakhala ndi chiyambi chimodzi chokha cholondola, ndipo kawirikawiri chimakhala chimene maso sachiyembekezera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wopupuluma sapita nazo patali ndagi zimenezi. Koma ndagi iliyonse imafuna yankho, ndipo wopeka sakhala pafupi kuti aloze ndi chala. Yankholo liyenera kulembedwa. Apa ndi pamene mbiri yathu yagona.

Tchesi inayambira ku India cha m'zaka za m'ma 500, inafika ku Persia, ndipo Aluya atagonjetsa Persia m'zaka za m'ma 600 anaitenga n'kumaitcha shatranj. Ku Baghdad kunatchuka akatswiri monga al-Adli, amene analemba buku la masewerawa cha m'ma 840, ndi as-Suli amene anadza pambuyo pake. Iwo ankasonkhanitsa ndagi zimene ankazitcha mansuba. Yotchuka kwambiri mwa ndagi za nthawi imeneyo imayenda ndi nthano ya mkazi wotchedwa Dilaram. Akuti mwamuna wake anataya chuma chonse pobetcha pa tchesi, mapeto ake anabetcha mkazi yemweyo. Zinthu zitafika pothina, mkaziyo anaona njira imene mwamunayo sanaione, namuuza kuti apereke nsanja zake zonse ziwiri, zija amati rook, m'malo mopereka iye. Mwamunayo anatero, ndipo hatchi inamaliza ntchito. Nthanoyi inakometsera ndagiyo, koma chimene chinaisunga mpaka lero ndi chakuti wina anailemba.

Masewerawa atalowa ku Ulaya kudzera ku Spain ndi madera ena, ndagi zinalowa nawo. M'chaka cha 1283 Mfumu Alfonso X ya ku Castile inatsiriza kulembetsa buku la masewera limene muli ndagi za tchesi 103. Mayankho ake anafotokozedwa m'mawu, chidole ndi chidole, kabokosi ndi kabokosi, ngati m'mene munthu amalongosolera njira kwa mlendo. Patapita zaka pafupifupi 200 malamulo anasintha: nduna yofooka ija imene inkayenda kabokosi kamodzi inasanduka mfumukazi yamphamvu imene tikuidziwa lero. M'chaka cha 1497 Luis Ramírez de Lucena anasindikiza buku ku Salamanca lokhala ndi ndagi 150, zina za malamulo akale, zina za atsopano. M'bukumo muli msampha umene wosewera aliyense amauphunzira mpaka pano, pamene mfumukazi imadzipereka dala kuti mfumu ya adani itsekerezedwe pakona ndi zidole zake zomwe, hatchi n'kudzaimaliza. Koma kalembedwe kanali kadakali kofotokoza m'mawu, kotero yankho la ndagi imodzi linkadya malo aakulu papepala.

Munthu amene anasintha zinthu anali Philipp Stamma, mbadwa ya ku Aleppo ku Syria. M'chaka cha 1737 iye anasindikiza ku Paris buku la ndagi 100, ndipo mayankho ake anawalemba mwa njira yachidule. Mizere isanu ndi itatu yochoka kwa wosewera mmodzi kupita kwa mnzake anaipatsa zilembo kuyambira a mpaka h, ndipo mizere yopingasa anaipatsa manambala kuyambira 1 mpaka 8. Motero kabokosi kalikonse kanakhala ndi dzina limodzi lokha, monga e4 kapena h8. Pa maina a zidole njira yake inali yosiyanako ndi ya lero, pakuti chidole chilichonse chachikulu ankachitchula ndi chilembo cha mzere umene chimayambira, koma maina a timabokosi ndi omwewa tikugwiritsa ntchitowa. Stamma anasamukira ku London kumene anagwira ntchito m'boma ngati womasulira zilankhulo za kum'mawa, ndipo mu 1745 anatulutsanso buku lake m'Chingerezi. Monga wogwira ntchito m'boma mnzake, zimandisangalatsa kuti dongosolo limeneli linafalitsidwa ndi munthu amene ntchito yake inali kuthandiza anthu a zilankhulo zosiyana kuti amvane.

Tsoka linamugwera mu 1747. Ku London komweko anasewera mpikisano ndi mnyamata wa ku France, François-André Danican Philidor, amene analinso katswiri wopeka nyimbo, ndipo Stamma anagonja moonekeratu. Patangotha zaka ziwiri, mu 1749, Philidor anatulutsa buku lake limene linatchuka Ulaya yense. Iye ankalemba mayendedwe m'ziganizo zathunthu, monga kunena kuti kamsilikali ka mfumu kayende masitepe awiri. Anthu amatsata wopambana, choncho Angerezi ndi Afalansa anatengera kalembedwe ka Philidor. Ajeremani ndiwo anagwiritsitsa njira ya Stamma, naikonza poika zilembo zoyamba za maina a zidole ndiponso polemba kabokosi kochokera ndi kofikira. Buku lalikulu la tchesi la ku Germany, Handbuch des Schachspiels, limene linatuluka mu 1843, linalembedwa motero, ndipo Russia inatsata njira yomweyo.

Kwa Angerezi, ziganizo za Philidor zinanka zifupika mpaka zinasanduka zizindikiro monga P-K4. Vuto la njirayi linali lakuti kabokosi kalikonse kanali ndi maina awiri, lina powerenga kuchokera kwa oyera, lina kuchokera kwa akuda. P-K4 ya oyera ndi e4, pamene P-K4 ya akuda ndi e5. Ngakhale zinali choncho, njirayi inalamulira maiko olankhula Chingerezi kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale buku lotchuka la Bobby Fischer la masewera ake 60, la mu 1969, linalembedwa momwemo. Ife amene tinaphunzira tchesi kusekondale m'zaka za m'ma 1990 tinaipeza njirayi m'mabuku akale ochokera ku Britain amene anali m'laibulale, pamene magazini atsopano amene ankatipeza mwa apo ndi apo anali ndi e4 ndi Nf3. Tinkaphunzira zonse ziwiri ngati mwana wokulira m'banja la zilankhulo ziwiri, osadziwa kuti mkanganowo unayambira ku London zaka 250 m'mbuyomo.

Kwina konse mlanduwo unali utagamulidwa kale. Mu 1966 ku Belgrade kunayamba kutuluka mabuku a Chess Informant, amene m'malo mwa zilembo ankaika tizithunzi ta zidole kuti munthu wa chilankhulo chilichonse awerenge. Kenaka mu 1981 bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, FIDE, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, linasiya kuvomereza kalembedwe ka Angerezi kaja m'mipikisano yake. Stamma anagonja pabolodi mu 1747, koma papepala anadzapambana patatha zaka 234.

Chimene chinatsala ndi kusankha pakati pa mitundu iwiri ya njira ya Stamma. Yaifupi imatchula chidole ndi kumene chafika: Nf3. Yaitali imatchulanso kumene chachokera: Ng1-f3. Malamulo a FIDE amalola zonse ziwiri. Ubwino wa yaifupi ndi woonekeratu. Imasunga malo munyuzipepala, makamaka pa ndagi imene yankho lake lili ndi nthambi zambiri, ndipo imapulumutsa nthawi kwa wosewera amene wotchi ikumuthamangitsa. Koma imadalira kuti wowerenga ali kale ndi bolodi m'mutu mwake. Ndipo nthawi zina imakakamizika kubwereka kwa mnzake: ngati hatchi ziwiri, ina pa b1 ina pa f3, zingathe kufika pa d2, wolemba ayenera kuwonjezera chilembo, Nbd2, kuti asasokoneze anthu.

Pofuna kuona kusiyana kwake bwino, titenge ndagi yotchuka ya Sam Loyd wa ku America, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1841 mpaka 1911. Ndagiyi imatchedwa Excelsior ndipo inasindikizidwa mu 1861. Akuti mnzake wa Loyd ankadzitama kuti akangoyang'ana ndagi amadziwiratu chidole chimene chidzapanikize mfumu. Loyd anamupekera ndagi n'kumuuza kuti aloze chidole chimene sichingathe kuchita zimenezo. Mnzakeyo analoza kamsilikali kamene kanali pa b2, kutali kwambiri ndi nkhondo. Komatu kameneko ndiko kamamaliza masewera posuntha kasanu. M'kalembedwe kakafupi, mayendedwe a oyera ndi awa: b4, bxc5, c6, cxb7, bxa8, pamene x akutanthauza kudya, ndipo pa a8 kamsilikalika kamasanduka mfumukazi. Wopanda bolodi patsogolo pake angaganize kuti pakuyenda asilikali awiri kapena atatu, poti zilembo zikusinthasintha. Tsono onani m'kalembedwe kakatali: b2-b4, b4xc5, c5-c6, c6xb7, b7xa8. Pamene sitepe yathera ndi pamene inzake ikuyambira, ngati mapazi a munthu mmodzi pamchenga. Kukoma konse kwa ndagiyi, ulendo wa kamsilikali kamodzi kuchokera kwawo mpaka kumalire a adani, kukuonekera papepala pomwepo.

Njira yaitali ili ndi maubwino ena awiri kwa womasula ndagi. Woyamba ndi wakuti amatha kubwerera m'mbuyo. Akayesa nthambi ina n'kupeza kuti siikutuluka, amadziwa pobwezera chidole chilichonse, pamene yaifupi siinena kumene chinachokera. Wachiwiri ndi wakuti imadziteteza ku zolakwa za osindikiza. Chilembo chimodzi chikaphonyeka mu Nf3, wowerenga wasochera, koma mu Ng1-f3 mbali yotsalayo imamuthandiza kuzindikira chimene wolemba amafuna kunena.

Kuntchito kwathu timaziona zimenezi tsiku ndi tsiku. Bwana akalemba mawu atatu pafayilo, ife a muofesi timamva zonse chifukwa nkhaniyo tikuidziwa kuyambira pachiyambi. Koma kalata yopita kwa mayi wamasiye kumudzi yokhudza ndalama za malemu mwamuna wake siingalembedwe choncho. Iyenera kunena kumene nkhani yachokera ndi pamene yafika. Kufupikitsa ndi ulemu kwa wodziwa, koma kwa wophunzira kumakhala ngati kumutsekera chitseko. N'chifukwa chake maganizo anga ndi akuti mwana aziyamba ndi njira yaitali, ndipo mayankho a ndagi za oyamba kumene azisindikizidwa momwemo. Maina a timabokosi akakhazikika m'mutu, mwanayo adzafupikitsa yekha popanda womuuza.

Ngakhale makompyuta agawana njirazi mofananamo. Masewera amene amasungidwa kuti anthu aziwerenga amalembedwa m'dongosolo lotchedwa PGN, la m'ma 1990, limene limagwiritsa ntchito njira yaifupi. Koma mapulogalamu akamatumizirana mayendedwe okhaokha, ambiri amatsata dongosolo la UCI la m'chaka cha 2000, limene limangolemba kochokera ndi kofikira, e2e4 kapena g1f3, popanda n'chilembo cha chidole chomwe. Osewera tchesi kudzera m'makalata a papositi anatulukira nzeru yomweyo kalekale: iwo amalemba manambala okhaokha, moti e2-e4 imakhala 5254, kuti kalata yochokera ku Russia imveke ku Brazil.

Mfundo yomalizayi ikutikhudza ife olemba m'Chichewa. Malamulo a FIDE amalola wosewera kugwiritsa ntchito zilembo za maina a zidole m'chilankhulo cha kwawo. Ajeremani amalemba S pa hatchi ndi L pa bishopu. Kwa Mfalansa R ndi mfumu, pamene kwa Mngerezi R ndi nsanja. Nanga ife titati tilembe buku la tchesi m'chilankhulo chathu tingatani, poti mfumu, mfumukazi ndi msilikali onse akuyamba ndi M? Tikhoza kubwereka zilembo za Chingerezi, monga amachitira osewera athu m'mipikisano, ndipo mwana wofuna kupita patali ayenera kudzazidziwa ndithu. Koma pa buku loyamba, la mwana wa Sitandade 4 amene Chingerezi sichinamulowe, njira yaitali yopanda zilembo za zidole yatikonzera kale yankho. Akawerenga g1-f3 amayang'ana pa g1, amapezapo hatchi, n'kuisuntha, ndipo dzina lake akhoza kulitchula m'Chichewa momwe.

Ndagi za ku Baghdad zadutsa m'Chiarabu, m'Chisipanishi, m'Chifalansa, m'Chijeremani ndi m'Chingerezi, ndipo paliponse zinapeza munthu wozilembera anthu a kwawo. Ndi udindo wa ife okonda chilankhulo chathu kuti mwana wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje adzathe kutsegula buku, kuyala bolodi yake, ngakhale ya katoni ndi zitsekerero za mabotolo, n'kuwerenga m'Chichewa m'mene Dilaram anapulumukira.