Nchito ya okonza mapulani a miseu: citsanzo ca ku Heavy Industrial Area

Nthawi ya dzinja ikafika, oyendetsa magalimoto mu Heavy Industrial Area ya mzinda wa Lusaka amadandaula za maenje ndi madzi odikha m'miseu. Ambiri amangoona anthu othira phula, koma nchito yosamalira mseu imayambira m'maofesi a akatswiri okonza mapulani, amene amasankha mseu woyenera kukonzedwa poyamba ndiponso ndalama zimene udzafuna.

Mabungwe oyang'anira miseu

Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo amene anabala mabungwe atatu. Bungwe la Road Development Agency (RDA) limakonza mapulani, kumanga ndi kusamalira miseu ya boma. La National Road Fund Agency (NRFA) limasunga ndi kugawa ndalama za miseu, pamene la Road Transport and Safety Agency (RTSA) limaona za ziphaso ndi citetezo ca pamseu. Pa miseu ya m'mizinda, RDA imagwirizana ndi makhonsolo monga Lusaka City Council.

Ndalama zimacokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto, ku thumba la boma, ku ngongole ndi thandizo la maiko akunja, komanso ku ma toll gate. Lamulo lolipiritsa pamseu linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo malole akuluakulu anayamba kulipira mu 2013.

Zimene akatswiriwa amacita

Coyamba amayendera miseu ndi kulemba ming'alu, maenje ndi ngalande zotsekeka. Kenaka amawerenga magalimoto odutsa pa tsiku, amapima kulemera kwa malole, ndi kuyesa dothi la pansi pa mseu. Akatero amagawa nchito m'magulu atatu: kusamalira kwa nthawi zonse, monga kutseka maenje ndi kuyeretsa ngalande, kuthira phula latsopano pakapita zaka zingapo, ndi kumanganso mseu umene waonongekeratu. Gulu lomalizali ndilo lodya ndalama zambiri, motero colinga ca wokonza mapulani ndi kupulumutsa mseu usanafike pamenepo.

Ambiri mwa iwo ndi mainjiniya ophunzira pa University of Zambia kapena Copperbelt University, ndipo lamulo limafuna kuti alembetse ku Engineering Institution of Zambia.

Adani awiri a mseu

Ku Heavy Industrial Area adani a mseu amaonekera poyera. Woyamba ndi kulemera. Mseu wa Lumumba umanyamula malole a m'mafakitale, pamodzi ndi ena ongodutsa pakati pa mseu wa Kafue ndi Great North Road popewa pakati pa tauni. Akatswiri amawerengera kuti katundu wotsamira pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, mseu umaonongeka kuwirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye cifukwa cake pali masikelo opimira malole m'malo monga Kafue ndi Kapiri Mposhi.

Mdani waciwiri ndi madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka ndi yathyathyathya, ndipo madzi a mvula sacoka msanga. Akalowa m'ming'alu amafewetsa maziko a mseu, ndipo lole ikapondapo phula limasweka. Ngalande yodzala zinyalala imafupikitsa moyo wa mseu ngakhale utamangidwa bwino.

Vuto limene latsala

Boma linayambitsa Link Zambia 8000 mu 2012, Lusaka 400 mu 2013, ndi nchito yocepetsa kuthithikana kwa magalimoto mu Lusaka mu 2018, imene inabweretsa milato yodutsa pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Koma mseu uliwonse watsopano umaonjezera nchito yosamalira. Ngati ndalama zosamalira zicedwa, mng'alu umasanduka dzenje, katundu amacedwa kufika m'misika, magalimoto amaonongeka, ndipo wolipira pomaliza ndi wogula wamba.